Ndinati Khitchini, Amayi Anamva Mafuwa

Anthu a kuno kwa Nsanama akamakumbuka chaka chimenecho amati chaka cha njala ija, ena amati chaka chimene chisanu chinaiwala kubwera. Ine ndimachikumbuka ndi mawu amene ndinalankhula nditabereka mwana kumbuyo, maso akuchucha misozi ya utsi. Mawu amenewo anatsala pang'ono kuwasiya amayi anga akudya okha, ndipo chaka chake sichinali choti munthu wamkulu azidya yekha.

Pakhomo tinalipo anayi: amayi, ine Velonika, amuna anga a Petulo, ndi mwana wathu Yankho amene anali atangoyamba kukwawa. Abambo anatisiya ine ndili ku koleji, achimwene anga anapita ku Joni. A Petulo kwawo ndi kwa Phalula, ku Balaka. Anabwera kudzakhala chikamwini, ndipo ntchito yawo ndi yomanga nyumba. Ine ndili ndi satifiketi ya zachitukuko cha m'midzi. Ntchito sinandipezere, koma mantha inandipatsa okwanira. Ndimadziwa mayina a matenda onse amene angagwire mwana, ndipo chaka chimenecho ndinkawaona onse pa Yankho.

EPULO

Mvula inadula mu Januwale, chimanga chitangoyamba kutulutsa ngayaye. Pamene inkabwerera inapeza chapserera kale. Munda umene zaka zina tinkabwerekera ngolo tinaukolola ndi madengu a pamutu, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali titamaliza. Amayi anakana kuika chimangacho m'nkhokwe. Anati chaka ngati chino nkhokwe imaitana anthu, choncho tinachitonola n'kuchiika m'matumba kuchipinda kwawo. Anawayang'ana matumbawo nthawi yaitali, kenaka anati tikamadya mwaulemu atifikitsa mu Ogasiti, kupitirira apo maso akhale kudimba.

Dimba lathu lili kumunsi kwa mudzi, m'dambo, ndipo lili ndi chitsime chimene anakumba malemu abambo. Timachita malire ndi Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene anakulira limodzi ndi amayi. Awiriwa akhala akunyogodolana kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo akapanda kuonana tsiku limodzi onse amadwala.

Koma mtima wanga mwezi umenewo sunali kudimba. Unali pa chifuwa cha Yankho. Khitchini ya amayi ndi kanyumba kozungulira, kopanda zenera, khomo lake lolowa chowerama. Denga lake linada ndi mwaye mpaka kunyezimira. Ine ndinkaphika mmenemo mwana ali kumbuyo, ndipo ankatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Kusikelo anamwino anandifunsa kumene timaphikira. Ndinayankha ndikuyang'ana pansi, chifukwa funso lomwelo ndinalilembapo pa mayeso n'kukhoza.

M'mawa wina nkhuni zinali zaziwisi. Amayi anagwada akuuzira moto, ine ndikupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, Yankho akutsamwa.

"Amayi, ine ndikufuna khitchini yanga," ndinatero.

Anasiya kuuzira. "Yako?"

"Eya, yanga."

"Chaka chino?"

"Mvula isanagwe."

Anati chabwino, n'kuweramiranso pamoto.

Ine ndinkanena za zipupa, mazenera ndi denga lalitali. Amayi anamva zina. Kwathu kuno mtsikana akakwatiwa, mwamuna n'kubwera chikamwini, banja latsopanolo limadya mphika umodzi ndi amayi a mkazi. Chimanga chimakhala pamodzi, moto umodzi. Akulu akaona kuti anawo akhwima, amaitana abale n'kumupatsa mtsikanayo mafuwa, miyala itatu yophikirapo. Kuyambira tsiku limenelo wapatulidwa: chakudya chake, moto wake, amayi ake nawo moto wawo. Mwambowu ndinkaudziwa, koma m'mutu mwanga unali kutali ndi mawu akuti khitchini. M'mutu mwa amayi zinali chinthu chimodzi. Anamva kuti mwana wawo yekhayo wotsala pakhomo akupempha kupatuka, chaka cha njala.

MEYI

Tsiku loyamba kudimba amayi anatenga khasu n'kuunda mzere waukulu pakati penipeni, kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, n'kubzalapo mbatata. Anati mbali ya kuchitsime ndi yanga, ya kumalire ndi Abiti ndi yawo. Nditafunsa chifukwa chake, anati munthu wa mwana kumbuyo asamayende mtunda ndi kheni yamadzi. Zinamveka zanzeru, ndinathokoza. Tinabzala chimanga chocha msanga, pakati pake nyemba ndi maungu, ndipo m'mabedi tinawokera tanaposi, repu ndi tomato.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi mmene anayambira kundiitana. Moyo wanga wonse ndinali "iwe Velo". Tsopano ndinasanduka "amake Yankho", ndipo ankati "inu". Amake Yankho, mwathirira? Amake Yankho, mchere mwauika pati? Ndinkatembenuka kuona ngati pabwera mlendo. Ndinaganiza kuti akwiya chifukwa ndanyoza khitchini imene anatilereramo tonse, ndiye ndinayamba kuwanyengerera, kuwatenthetsera madzi osamba, kuwachapira. Iwo ankathokoza mowomba m'manja, ngati akuthokoza munthu wa kumudzi wina.

A Petulo anali ndi nthawi yambiri, popeza chaka cha njala palibe womanga nyumba. Madzulo ankajambula khitchiniyo pansi ndi kamtengo, ine ndikufufuta ndi phazi. Ndinkafuna mazenera awiri oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, mbaula yadothi ya mabowo awiri yomata pakona, kampando kadothi m'mbali mwa chipupa, ndi thandala la mbale panja. Khomo lokha ndinkalisuntha tsiku lililonse. Likhale kum'mawa dzuwa lizilowa, iyayi kumadzulo ndizimuona mwana akamasewera, iyayi kumpoto mwera usamalowe. A Petulo anati amangirapo anthu ovuta ku Balaka, koma sanaonepo khomo loyendayenda chonchi, mwina angoliika matayala.

Amuna anga ndi amayi salankhulana maso ndi maso, monga zimakhalira pakati pa mkamwini ndi apongozi ake. Anapeza njira yawo. Ankatuma Yankho, amene mawu ake onse nthawi imeneyo anali "ta". Amayi ankati, Yankho, uwauze abambo ako kuti dothi labwino lili pachulu paseri pa mango. A Petulo, atanyonyomala chapatali, ankati, Yankho, uwathokoze agogo. Ndinaona kuti amayi akufulumizitsa ntchitoyo kuposa ine mwini wake, ndipo zinandiwawa pang'ono, osadziwa kuti chikundiwawa n'chiyani.

JUNI

Kuno Juni amadziwika. Nkhungu imatsika m'mapiri a Chikala, mwera umawomba, ana amatuwa miyendo, ndipo m'mawa anthu amatsamira zipupa kuothera dzuwa. Ine ndinali nditakonzeka. Ndinamugulira Yankho juzi ndi kachipewa pa kaunjika, poopa chibayo. Chisanucho sichinabwere.

Tinadikira sabata iyi, tinadikira inayo. M'mawa udzu unkakhala wouma, wopanda mame. Chiperoni, kamvula kowaza kaja, sichinagwe ngakhale kamodzi. Mabulangete tinkawakankhira kumiyendo, ndipo udzudzu umene umasowa nyengo ino unkaimba ngati mu Disembala. Mango anachita maluwa nthawi isanakwane. Wogulitsa majuzi uja ndinamupeza atatsitsa mtengo, akudzikupiza ndi katoni. Ine Yankho ndinkamuvekabe juzi yake, mpaka amayi anamuvula okha atanyowa thukuta, n'kunena kuti amake Yankho, mwanayu musamuphike.

Poyamba tinakondwa. Chimanga cha kudimba chimakwinimbira kukazizira, koma chaka chimenecho chinkakula ngati cha dzinja. Abiti Saidi okha ndi amene ankapukusa mutu. Anati chisanu chimapha tizilombo, chikapanda kubwera tidya nato limodzi. Amayi anawayankha kuti iwo Abiti sanaonepo chinthu chabwino osachipezera chilema, ngakhale tsiku la ukwati wawo womwe.

A Petulo anaumba zidina, njerwa zosawotcha zija, kenaka anakwera phiri kukamweta udzu wofolera. Udzu unali wosowa, popeza mvula inachepa ndipo osaka mbewa anali atayamba kale kutentha tchire. Mitolo imene anapeza anaiimika pamtengo wa mango, ine n'kumaiyang'ana ngati ndi denga kale.

JULAYI

Tizilombo tinabwera. Nsabwe zinamatirira kunsi kwa masamba a repu, tanaposi anathamangira kuchita maluwa masamba asanakule, ndipo mbozi zinalowa m'mitima ya chimanga. Mankhwala a kusitolo tinangofunsa mtengo n'kutuluka. M'mawa uliwonse tinkayenda phando ndi phando, kutsegula mtima wa chimanga, kufinya mbozi ndi zala, n'kuthiramo mchenga wosakaniza ndi phulusa. Masamba tinkawawaza madzi a masamba osinja a mtengo wa nimu ndi sopo pang'ono. Wina anabwera ndi nzeru yoti msuzi wa matemba ukathiridwa m'chimanga umaitana nyerere zimene zimadya mbozi. A Petulo anati nawonso ndi okonzeka kudya mbozizo ngati malipiro ake ndi msuzi wa matemba.

Chitsime chinayamba kutsika, mpaka chingwe cha ndowa tinachilumikiza ndi nsanza ya chitenje. Tinaphimbira mabedi ndi mapesi kuti chinyezi chisathawe, ndipo tinkathirira m'mamawa ndi madzulo okha. Ndinaona kuti amayi amadikira kuti ine ndithirire kaye mbali yanga, iwo n'kumakokota zotsalira zamatope. Mbali yawo inayamba kufota masana.

Kumsika mtengo wa chimanga wa m'mawa sunkafika madzulo. Mavenda anasiya kuyeza ndi ndowa, anayamba kuyeza ndi timbale. Madeya amene tinkapatsa nkhuku anapeza ogula ovala bwino. Kunamveka kuti kubwera chimanga chaulere, anthu anakalembetsa, kenaka kunamveka kuti chalowera kwina. Ena ankapalasa njinga kudzera ku Nayuchi kukagwira ganyu ku Mozambiki, n'kubwerako ndi makaka. Banja lina loyandikana nafe linasasula malata a nyumba yawo n'kugulitsa. Mwamuna wina anatsanzika kuti akukapha nsomba ku Chiuta, mkazi wake anamuonanso anthu akukolola.

Kwathu tinasiya kudya masana, kupatula phala la mwana. Tsiku lina amayi anatuma Yankho kuti auze abambo ake adzanyamule matumba ena akaike m'nyumba mwathu, ati kuchipinda kwawo kwachuluka makoswe. Anatipatsa ochuluka. Koma chimanga chopita kuchigayo ankatapa m'matumba otsala kwawo, ndipo ndikati titapeko kwathu ankati, "Asiyeni amenewo, amake Yankho, nthawi yake ikubwera." Ine ndinkamva ngati akunena za miyezi yovuta ya kutsogolo.

OGASITI

Mbuzi kuno amazitayirira anthu akakolola kuti zizidya mapesi. Chaka chimenecho mapesi anatha msanga, ndipo malo obiriwira m'dera lonse anali madimba okha. Mpanda wathu unali wakale, wodyedwa ndi chiswe. Masana ena tinapeza mbuzi zaboola kumbali ya amayi, zadya nyemba zonse ndi chimanga cha m'mphepete. Mwini wake anangoti pepani, nazonso zili ndi njala.

Udzu wina kunalibe koupeza, phiri linali litapsa. Ndinayang'ana mitolo ya pamango ija, a Petulo nawo anaiyang'ana. Sitinakambirane zambiri. M'mawa mwake, amayi atapita kumaliro kumudzi wina, tinatuta udzu wonse ndi mitengo ya denga kupita nazo kudimba.

Tili mkati momanga mpanda, Abiti Saidi anasuzumira kumalire n'kutilonjera m'Chiyao.

"Ajimwiche uli, amake Yankho. Udzu uwu si wa khitchini? Nanga amalume anu akabwera mu Okotobala adzakupatsirani mafuwa pamtetete?"

Ndinafunsa kuti mafuwa ati. Abiti anandiyang'ana ngati ndikuwaseka. Anati mudzi wonse ukudziwa kuti ndinapempha kupatuka. Amayi anakwera kabaza kupita kwa Ntaja kukauza amalume, eni mbumba, ndipo uthenga unafika kale kwa ankhoswe kwa Phalula. Kenaka anatsitsa mawu. Anati mnzawoyo, kunena amayi, wakhala akutidyetsa chimanga cha gawo lake kuti ife tidzayambe moto wathu ndi matumba odzadza, ndipo iwo anamuuza kuti ndi uchitsiru koma samva.

Luzi linagwa m'manja mwanga. Ndinathamangira kunyumba n'kulowa kuchipinda kwa amayi, kumene sindilowa wamba. Matumba awo anali atagona pansi opanda kanthu. Limodzi lokha ndi limene linali ndi chimanga, chofika m'bondo.

Amayi anabwerako dzuwa litapendeka, n'kudzera kudimba. Ndinawapeza ataima, akuyang'ana mpanda watsopano umene unazungulira dimba lonse, mbali yawo ndi yanga yomwe.

"Iwe Velo, wapenga? Udzu wa denga wamangira mbuzi?"

Sindinayambe ndakondwapo chonchi pokalipiridwa. Ndinalira pomwepo, mwana ali kumbuyo. Ndinawauza kuti ine sindinapemphe mafuwa. Ndinkafuna mazenera basi, kuti Yankho asiye kutsokomola, ndipo m'khitchinimo ndinkati tiziphikamo tonse.

"Unati yanga," anatero amayi.

"Ndinkatanthauza yomangitsa ine."

"Nanga bwanji sunati yathu?"

Nditawafunsa chifukwa chimene sanandifunsire, anati mwana wopita ku koleji akanena chinthu, iwo ndani kuti afunse kawiri. Anakhala pa mzere wa mbatata uja n'kuyamba kuseka mpaka kupukuta maso. Ine ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndinati mawa titumize uthenga kwa Ntaja kuti amalume asavutike kubwera.

Anasiya kuseka. Anati iyayi. Mawu anapita kale kwa eni mbumba ndi kwa ankhoswe. Kuwabweza n'kuuza anthu kuti mkamwini walephera kudyetsa banja lake, ndipo a Petulo sanalakwe kanthu kuti achititsidwe manyazi otero. Ndiponso, anati, nthawi inali itakwana kale. Anthu ankawanena kuti akundisunga ngati kamwana poopa kukhala okha.

"Nanga inu muzidya chiyani?"

"Ndili ndi dimba langa," anatero, akuloza mbali imene mbuzi zinadya.

SEPITEMBALA

Kuyambira pamenepo ndinasiya kulemekeza mzere wa mbatata. Ndinkalawirira kukathirira mbali yawo poyamba. Iwo atazindikira anayamba kulawirira kuposa ine kukathirira yanga. Abiti anati aonapo anthu akuberana tomato, koma kuberana ntchito anali asanakuone. A Petulo analowa m'chitsime kukachizamitsa, atamanga chingwe m'chiuno, ine ndili pamwamba ndikunena mapemphero onse amene ndimawadziwa. Madzi anabwera, amatope koma okwanira.

Matumba a kwathu ndinawatsegula. Amayi anakana kuti ngakhale limodzi libwerere kwawo, ndiye ndinkangopita kuchigayo osawauza.

Chimanga chitayamba kukhwima, mantha anachoka pa mbuzi n'kupita pa anthu. A Petulo anamanga kachisakasa kudimba n'kumalondera pamodzi ndi amuna a madimba oyandikana nafe. Kumapeto kwa mwezi tinadya mondokwa woyamba. Yankho, amene anali atayamba kuima chogwirira, anakukuta chitsononkho ndi timano take n'kukana kuchipereka. Tomato ndi repu wopulumuka ndinkakagulitsa kwa Nsanama n'kugula chimanga chouma. Sizinali zambiri. Mbali yanga inabereka bwino ndithu, koma ya amayi chimanga chake chinali chaching'ono ngati chala.

Zipupa za khitchini zinakwera. Khomo linayang'ana kunyumba ya amayi, ndipo apo sindinasinthenso maganizo.

OKOTOBALA

Titakolola kudimba tinamasula mpanda uja, udzu wake n'kukwera padenga. Unali utathothoka, wina mbuzi zitaubudula, ndipo unangokwanira movutikira. A Petulo anati iyi ndi khitchini yoyamba m'Machinga muno imene denga lake linayamba lagwirapo ntchito ya ulonda.

Amalume anabwera pa njinga yawo, ankhoswe a kwa Phalula anafika, amayi aang'ono nawonso. Chifukwa cha chaka, mwambowo unali waufupi, nkhuku imodzi. Panabuka vuto limene palibe analiganizira. Khitchini yanga inalibe poika mafuwa, popeza ndinamata mbaula ya mabowo awiri ija. Akuluakulu anaizungulira. Amalume analowetsa dzanja m'bowo limodzi n'kufunsa anzawo ngati mwambo umalola kupatsa munthu mabowo. Pomaliza anagwirizana kuti miyalayo iikidwe pakona ina, ndiphikepo tsiku limenelo lokha. Amayi anaiyala okha. Anandipatsa mthiko, chipande ndi sefuliya yawo yabwino yophikira, n'kunena mawu ochepa: ndisamamane mlendo, ndipo mwamuna asagone ndi njala chifukwa cha mkangano. Kenaka anatuluka n'kudutsa bwalo kupita kwawo. Bwalo lathu ndi laling'ono, koma tsiku limenelo ndinaliona kutalika.

Pasanapite nthawi Yankho anasiya kutsokomola. Ndiyenera kunena zimenezi, chifukwa khitchiniyo inagwira ntchito yake. Koma mtima wanga sunakhale pansi. Ndinkaima pakhomo kuyang'ana ngati padenga la khitchini ya amayi pakutuluka utsi. Masiku ena unkatuluka, ena ayi. Ndikawapititsira chakudya m'mbale ankalandira, monga mwambo ulolera, kutsinako pang'ono, n'kubweza chotsalacho ati cha mwana. Ndikawaitana kuti adzadye kwathu ankakana. Ankati mayi amene wapatula mwana wake samupanikizanso pa mphika, anthu angati anapereka ndi dzanja limodzi. Ndikafunsa ngati adya ankangoti ndadya kale. Mafupa a m'khosi mwawo anayamba kuonekera pamwamba pa bulauzi.

Ndinakadandaula kwa Abiti. Anati mnzawoyo amamudziwa, ukamukoka amalimba ngati mbuzi pachingwe, ndimusiye apeze yekha njira, inshaala. Ine ndinati njala ikhala itawamaliza. Anandifunsa kuti nanga ndichita chiyani, ndiwabereka kumbuyo?

NOVEMBALA

Mvula yoyamba inagwa madzulo, yamphamvu, ndi mphepo yomwe. M'mawa mwake tonse tinapita kumunda kukabzala. Pobwerako ndinakoleza moto ndi tinkhuni timene ndinkasunga mkati. Ndikutereka madzi, pakhomo panada. Anali amayi, atagwira phale m'manja.

"Odi. Ndadzapala moto. Nkhuni zanga zanyowa."

Kupala moto palibe angakunene, ngakhale anthu odana amapalana moto. Ndinadziwa kuti ndikalankhula mokhota atenga khala lawo n'kumapita. Ndinasuzumira m'mbaula ngati ndikufufuza.

"Makala sanagwe, amayi. Mbaula iyi imachedwa. Takhalani pang'ono."

Anakhala pa kampando kadothi, pansi pa zenera, phale lili pamwendo. Anayang'ana denga n'kunena kuti pakona apo padzadontha. Yankho anayenda chodzandira kukawagwira maondo. Amayi anandiyang'ana ndikuthira ufa, ndipo ndinaona zala zawo zikuyenda zokha.

"Ukuthira wambiri nthawi imodzi. Ichita mibulu. Bweretsa kuno."

Ndinawapatsa mthiko. Anaphika, anaomola, ndipo popeza anaphika okha anati alaweko kuti amve ngati yapsa. Analawa mpaka mbale inayera, ndi nkhwani wa kudimba wothira tomato. Atasamba m'manja anaika khala limodzi paphale n'kutsanzika. Ndinasuzumira pazenera. Atafika paseri pa nyumba yawo anayang'ana uku ndi uku, n'kulikwirira khalalo ndi dothi.

Mawa lake kunacha kopanda mtambo, nkhuni zonse zitauma. Nditangotereka madzi ndinamva odi.

MALICHI

Januwale ndi Febuluwale anali owawa. Chimanga cha kudimba chinatha, tinadya madeya, makaka ndi chigwada chopanda mafuta. A Petulo anapita ku Mozambiki kukapalira minda ya eni ake, anabwerako mapazi atang'ambika. Chaulere chija chinafika mochedwa, thumba limodzi kugawana mabanja angapo, ndipo gawo la amayi linalowa m'khitchini mwanga. Anati angosungitsa, kwawo kukudontha. Tonse tinaonda, koma tinaonda mofanana, ndipo ine ndinkaona ndi maso anga chimene chalowa m'kamwa mwa aliyense. Kwa munthu wamantha ngati ine, zimenezo zinkandikhutitsa theka.

Mu Malichi maungu anakhwima, chimanga cha kumunda chinatsatira, ndipo ana a m'mudzi anayambiranso kuchita phokoso.

Papita zaka tsopano. Yankho amapita kusukulu ya mkaka ndipo ali ndi mlongo wake. M'khitchini ya amayi mumaikira nkhuku. Koma mlendo akawafunsa ngati amadya ndi mwana wawo, amawongola khosi n'kuyankha kuti iyayi, Velonika anapatulidwa kalekale pamaso pa eni mbumba, pano aliyense ali ndi moto wake. Amanena zimenezi atakhala pansi pa zenera langa, akusadzula nkhwani, phale lili pambali. Ndipo tikatha kudya, asanadzuke, amandikumbutsa:

"Velo, moto wanga uja."